Sellina Wakana Tiyi

Kwathu kuno kwa Katunga munthu akakana tiyi timayamba tamugwira pamphumi. Nzimbe zatizungulira mbali zonse, shuga timamununkhiza ngakhale tili m'tulo, ndiye kukana tiyi si chinthu chimene munthu wabwinobwino amachita. Choncho tsiku limene Sellina anafika kudzapuma kuchokera kukoleji ku Blantyre, ine nditamuikira kapu yodzaza mpaka pakamwa, iye n'kunena kuti, "Takhuta, azakhali, ndingomwa madzi," ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi.

Ine ndine Dorika, azakhali ake. Mayi ake anatisiya iye akuyamwabe chala, ndiye ndinamulera ndine pakhomo pa mlongo wanga Geresomo, amene ndi bambo ake. Sukulu ndinailekera pamene aphunzitsi anayamba zogawa manambala, koma kulemba ndimalemba, ndipo thupi la mtsikana ndimaliwerenga kuposa anamwino. Atsikana angapo m'mudzi muno ndinawadziwira mimba eni ake asanadziwe. Ena mpaka pano sandipatsa moni.

Tiyi sanamukane tsiku limodzi. Mawa lake anakana, mkuja anakananso. Inali nyengo ya masau, ndipo mtengo wathu wakuseri kwa bafa unabereka ngati wapenga. Sellina ankakhala pansi pake ndi buku, n'kumatola masau owawasa aja, osapsa bwino, kumatafuna osakwinya nkhope. Ine ndinkangoona ndikusenda mtedza. Lamulungu likafika ankavala siketi yaitali, n'kunena kuti akupita kwa anzake ku Dyeratu. Kutchalitchi kwathu, kumene bambo ake amaimba besi mpaka malata kunjenjemera, sanapondeko. Akabwerako madzulo ankabwera ndi nkhope yofewa, akumwetulira yekha, akuimba chapansipansi potsuka mbale.

Tiyi ayi, masau eya, ulendo wa Lamulungu lililonse, kumwetulira wekha. Inu amene munapita patali ndi sukulu ndiuzeni, mukadaganiza chiyani?

Ndinamufunsa monga azakhali amafunsira, tili awiri kumtsinje. Ndinati kodi mwezi akuuona bwinobwino? Anaseka mpaka chidebe chinatsala pang'ono kugwa pamutu, n'kunena kuti ndisadandaule. Koma onse aja amene sandipatsa moni anasekanso chimodzimodzi.

Tsono vuto linali Geresomo. Mlongo wangayu si munthu woipa, koma mantha ake amatulukira pakamwa ngati ukali. Tsiku limene ankamuperekeza Sellina kukakwera basi ulendo woyamba, anamuuza pamaso pa anthu kuti akadzangobwera ndi zachilendo, mabuku adzawaika padenga ndipo Sellinayo adzakhala pakhomo kumaweta mbuzi mpaka adzakwatiwe. Ndipo Geresomo akalankhula pamaso pa anthu sabweza, ngakhale mtima ukhale ukumupweteka. Sellina anali atatsala ndi chaka chomaliza. Amaphunzira zoyendetsa madzi m'minda, kuti mawa ngalande zisamakumbidwe ndi alendo okha. Zonsezo zinali pafupi kukathera kukhola.

Geresomo akakhala ndi nkhawa amakonza khola la mbuzi. Khola lake ndi lolimba kuposa nyumba imene timagonamo, koma masiku amenewo ankalimasula n'kulimanganso, luzi lili kukamwa. Mbuzi zinkangomuyang'ana. Ndinadziwa kuti nayenso waona zimene ndaona.

Kenako linafika Lamulungu loyamba la mwezi. Loweruka madzulo Sellina anadya nafe bwinobwino. Kutacha anakana mbatata. Anakana phala. Ndinamupatsa madzi amene amawakonda aja, anakananso. Ndiye ndinamuona ndi maso angawa akulowa m'khitchini, akuyeza ufa wa mapira wokwana munthu mmodzi, n'kutenga nsomba zouma, makakana awiri, n'kumanga zonse m'kapepala ka pulasitiki, n'kubisa m'chikwama.

Apa ndinati nkhani yatha. Mwana sakudya chifukwa cha mseru, ndipo chakudya chake akukapatsa mwamuna. Komanso mwamuna wake ndi wosauka, wodyetsedwa ndi mtsikana wapasukulu.

Ndinamupeza Geresomo kukhola. Sindinalankhule, anayamba ndi iye. Anati ntchito yotereyi ndi ya azakhali, iye sangaifunse. Kenako analavula luzi, n'kunena akuyang'ana kumwamba, "Achemwali, Mulungu akangondichotsera ichi chokha, china chilichonse ndidzachilandira ndi manja awiri."

Ndinamuuza kuti abwereze mokweza kuti mbuzi zimve, chifukwa ine ndimaiwala koma mbuzi siziiwala. Anabwereza. Tonde anayankha.

Sellina atakwera kabaza ine ndinaitana a Fanizo, amene akhala akupalasa njinga m'mudzi muno kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tayala lawo lakumbuyo, n'kupuma mpweya wautali. Ndinawauza kuti atsatire njinga ili patsogoloyo koma asaifike. Anati pa zosaifikazo ndisadandaule. Ndinafunda chitenje kumutu, kungosiya diso limodzi ngati munthu wodwala mano. Tsiku limenelo anali atatentha nzimbe kwinakwake, phulusa lakuda likugwa pang'onopang'ono mumsewu, a Fanizo akudandaula pamtunda uliwonse kuti anandinyamula ndili mtsikana ndipo sindinali chonchi.

Ku Dyeratu Sellina anatsika kuseri kwa msika, n'kulowa m'nyumba ya malata ya mpanda wa bango. Ine ndinadikira pang'ono, kenako ndinazembera kuwindo. Ndinkayembekezera kuona mnyamata mmodzi atagona pamkeka akudikira makakana anga. Ndinaona mipando yapulasitiki itandandalikidwa m'chipinda chochezera, azimayi ndi ana atakhala phee, ndi amuna angapo ovala malaya oyera ndi mataye. Mataye, kutentha kwa Chikwawa kuno. Onse akukutumula phulusa pamapewa. Ndinati m'mtima, mwana wanga wandisokoneza dala, wabisa mbala pakati pa anthu ofanana.

Ndikusankhabe woti ndimukayikire, dzanja linandigwira paphewa. Anali mayi wa pakhomopo, a Tamanda, wonenepa ngati ine ndemwe, akumwetulira ngati wandidikira kuyambira dzulo. Anati alendo sakhala pawindo, ndipo ndisanapeze bodza labwino anali atandikokera kale m'kati n'kundikhazika pampando wakumbuyo. Anandinong'oneza kuti amuna awo ndi a Yobu, amene amayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe mkati mwa sabata, ndipo Lamulungu amatsogolera kagulu aka chifukwa nyumba zopemphereramo za mpingo wawo zili kutali kumtunda. Anatchulanso dzina la mpingowo. Linali lalitali moti anapumira pakati. Ataona kuti ndasochera anati, "Ena amangoti a Momoni."

Nyimbo itayamba ndi pamene ndinamuona Sellina. Anali kutsogolo, atayang'ana kwa anthu, akuyendetsa dzanja m'mwamba ndi pansi ngati akuthamangitsa ntchentche mwaulemu, onse akuimba motsatira dzanjalo. Panalibe ng'oma, panalibe kuwomba m'manja. Nyimbo yake yoyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe zokoka ngolo pamchenga wa mtsinje wa Mwanza. Maso ake anayenda m'mizere ya mipando mpaka anafika pa chitenje changa. Chitenjecho anandigulira ndi iye yemwe. Dzanja linaima m'malere. Anthu anakoka liwu limodzi lomwelo, kudikira, mpaka mkulu wina anayamba kutsokomola. Ine ndinamubayibitsa ndi zala ziwiri. Dzanjalo linatsika, nyimbo n'kupitirira.

Kenako anavundukula nsalu yoyera patebulo, pansi pake panali buledi ndi tikapu tating'ono ngati zivindikiro za botolo. A Yobu ananyemanyema bulediyo, n'kugwada, n'kupemphera. Amene ankazungulira ndi mbale anali mnyamata wamtali, wa khosi lalitali, dzina lake ndinamva pambuyo pake kuti Elisha. Uyu ndiye ndinamusankha. Atafika pa ine ndinamuyang'ana m'maso momwe ndimayang'anira mbuzi imene yadya chimanga cha eni ake. Ndinatenga kachidutswa kamodzi, n'kutenganso kena kuti ndione ngati alankhule. Anangopitirira ndi mbale yake. Atafika pa Sellina ndinatambasula khosi kuti ndione ngati zala zikhudzane. Sanayang'anane n'komwe. Mnyamatayo ankangoyang'ana mbale yake kuti isagwe.

M'tikapu muja munali madzi. Madzi enieni, a pamjigo. Ndinanunkhiza kawiri.

Tsono chimene sindinachiyembekezere ndi bata. Zonsezi zikuchitika palibe ankaimba, palibe ankalalikira. Kutchalitchi kwathu bata likangogwa wina amayambitsa korasi msanga, ngati bata ndi njoka yalowa m'nyumba. Kuno analisiya likhale. Ndinamva njinga ikudutsa kumsewu. Ndinamva mimba ya a Tamanda ikulira, n'kuyankhidwa ndi ya mkulu wotsokomola uja. Ndinayang'ana Sellina. Anali atatseka maso, manja pamiyendo, misozi ikutsika koma nkhope yosakwinyika. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndi imene ankakhala nayo ali kamwana ndikamusambitsa madzulo n'kumubereka kumbuyo, kutentha kutatha, mphepo ya kudambo itayamba. Mtsikana wobisa mimba sakhala ndi nkhope imeneyo. Ndawaona ambiri, amakhala ngati akumvetsera mapazi a munthu kuseri kwa chitseko.

A Yobu anaimirira n'kunena kuti popeza lero ndi Lamulungu losala kudya, ulaliki palibe, aliyense amene mtima wamuuza aimirire anene umboni wake. Ndinatembenukira kwa a Tamanda n'kufunsa chapansipansi kuti osala kudyawo ndi ati. Anati onse amene thupi likuwalola, Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, osadya osamwa mpaka madzulo. Chakudya chimene akanadyacho amabweretsa, a Yobu n'kukapereka kwa amene alibe, ndipo amene walandira amadziwa ndi a Yobu okha. Analoza pansi patebulo. Kapepala ka Sellina kanali pamenepo pakati pa timitolo tina, mchira wa kakana utatulukira. Ndinafunsa za tiyi. Anati tiyi samwa, khofi samwa, mowa ndi fodya ayi. Ndinakankhira kabotolo kanga ka fodya wamphuno mkati mwenimweni mwa chitenje.

Anthu anaimirira mmodzimmodzi. Wina ananena za mwana wake amene anachira. Elisha ananena mawu ochepa, akundiyang'ana ndi diso la m'mbali. Pakati pawo bata lija linkabweranso, palibe wolithamangitsa. Kenako Sellina anaimirira. Anagwira kumbuyo kwa mpando ndi manja onse awiri.

Anati atangofika kukoleji anzake ankamuseka kalankhulidwe, akangotsegula pakamwa wina ankamuyeserera Chisena chake, mpaka anasiya kufunsa mafunso m'kalasi. Anati kuchipinda chogona kunali phokoso usana ndi usiku, sabata yonse ili yothamanga, ndipo atalephera mayeso ena anali atalongedza kale chikwama kuti abwere yekha kudzaweta mbuzi, bambo ake asanachite kumuuza. Mnzake wina wa m'chipinda ndiye anamutenga Lamulungu lina. Anati nthawi ya buledi ndi madzi ija ndi pamene anapuma koyamba kuchokera tsiku limene anakwera basi, ndipo anamva mumtima kuti Mulungu amamva Chisena bwinobwino. Kuyambira pamenepo Lamulungu limamudzaza, n'kumamwa pang'onopang'ono mpaka Loweruka. Chikwama chija anamasula.

Kenako anayang'ana kumbuyo kumene ndinakhala.

"Bambo anga sindinawauze, ndimaopa. Lero ndasala kudya kuti ndipeze mphamvu zowauzira ndisanabwerere kusukulu. Ndinapempha Mulungu kuti andisonyeze njira. Sindinadziwe kuti njirayo ibwera pakabaza itafunda chitenje."

Anthu anaseka, ngakhale a Yobu. Ine sindinaseke, chifukwa phulusa la nzimbe lija linali litandilowa m'maso onse awiri nthawi imodzi.

Tsono mipando yapulasitiki ija sinapangidwire anthu ngati ine. Mwendo wanga wamanzere unachita dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kuchidendene. Ndinati ndiimirire pang'ono ndiupondeponde. Nditangoimirira mitu yonse inatembenuka. A Yobu anagwedeza mutu mondilimbikitsa. A Tamanda anandisisita pamkono. Ndinaiwala kuti m'nyumba imeneyi woimirira ndiye wolankhula.

Kukhala pansi sindikanatha, mwendo unali usanabwerere. Ndiye ndinalankhula. Ndinati ine ndine Dorika wa kwa Katunga, mpingo wanga ndi wina ndipo ndikafera momwemo chifukwa kuli ng'oma. Ndinati ndinabwera kudzasaka munthu amene amadya makakana anga, ndipo mnyamata wa khosi lalitaliyo andikhululukire, agone bwino lero. Ndinati za Mulungu sindidziwa zambiri, koma mwana uyu ndinamusambitsa ndine, ndipo ndikudziwa akakhala kuti wakhuta ngakhale asanadye. Pomaliza ndinangoti pyadidi, zili bwino. Onse anati ameni. Mwendo unabwerera.

Titatuluka panja Sellina anandigwira chitenje ngati kale. Anafunsa kuti ndikawauza chiyani bambo ake. Anati akudziwa kuti kwa iwo mpingo wachilendo ndi zachilendo ndithu, ndipo mabuku akhoza kukwerabe padenga. Ndinamuuza kuti atsale, athandize kulongedza mipando, abwere dzuwa likapendeka. Ine nditsogola. Anandipempha kuti ndisakaname. Ndinati sindinama, ndikangochedwa kunena zoona.

Ndinafika pakhomo chitenje chili kumutu, ndikuyenda momwe timayendera pochokera kumanda. Geresomo anali atabwerako kutchalitchi, jekete ili pamtengo, khola litamasulidwa mbali yonse ya kum'mawa. Sindinamuyang'ane. Ndinakhala pakhonde n'kupempha madzi. Anabweretsa yekha, munthu amene sadziwa pamene pamakhala chikho. Ndinamwa pang'onopang'ono. Ndinapempha ena. Ndinatulutsa fodya wanga, n'kununkhiza, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno bwinobwino. Iye ataima pomwepo, luzi lili m'manja.

"Achemwali, nenani. Ndi mwana wa ndani?"

Ndinamufunsa ngati akukumbukira zimene ananena m'mawa mbuzi zikumva. Anati akukumbukira. Ndinati abwereze. Anabwereza, besi yonse itathawa.

"Mimba nkhabe," ndinatero. "Palibe mimba, palibe mwamuna. Mwana wako amapita kukapemphera."

Anakhala pansi, padothi penipeni. Anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndinamusiya amve kukoma kwake kaye. Kenako ndinamuuza zotsalazo, za a Momoni, za tiyi, za kusala kudya, za makakana. Chipewa chinatsika pang'onopang'ono. Ndinaona ukali ukukwera kuchokera m'khosi. Anayamba kunena kuti mwana wa woimba kwaya, kusiya mpingo wa makolo ake osauza munthu, anthu adzati chiyani, iye ananena pamaso pa anthu kuti zachilendo...

Ndinangoloza kukhola. Tonde anali atatulutsa mutu pamene panamasulidwa paja, akutafuna, akumuyang'ana.

"Manja awiri, bambo a Sellina. Ndinamva ine, anamva uyo, anamvanso amene munkawauza."

Anati ndamutchera msampha. Ndinati msamphawo anautcha yekha, ine ndangomukumbutsa pamene anauika. Ndinamuuzanso chinthu chimodzi chimene sichinali nthabwala, kuti mwana wake anali atalongedza kale chikwama chaka choyamba chomwe, ndipo amene anamumasulitsa chikwamacho ndi Lamulungu la anthu amenewa.

Sellina anafika dzuwa litapendeka. Sanadikire kuti ndimulankhulire. Anagwada patsogolo pa bambo ake n'kunena zonse yekha, milomo itauma ndi ludzu. Geresomo anamvetsera akupota luzi pachala. Anafunsa ngati anthu amenewo amatchula Yesu yemweyu. Sellina anati yemweyu. Anafunsa ngati amaletsa sukulu. Sellina anati amachita kumufunsa za mayeso kuposa iwo. Anafunsa ngati kuli kwaya, ndipo atamva kuti mwana wake ndiye amatsogolera nyimbo ndi dzanja, anayang'ana kumbali kuti tisaone nkhope yake. Kenako anati za mpingozo sanavomere, adzakambirana bwino tsiku lina, ndipo a Yobu amenewo abwere adzawaone maso. Koma basi ya ku Blantyre ikadzafika tsiku lake, iye adzanyamula chikwama mpaka kumsewu.

Sellina anapemphera pang'ono, n'kumwa madzi chikho chonse osapuma. Kenako anadya. Anadya mbatata zam'mawa zija, anadya chakudya chamasana chimene ndinamusungira, n'kuyamba kuyang'ana mbale ya bambo ake. Geresomo anamukankhira mbaleyo, n'kundinong'oneza kuti kadyedwe kameneka nakonso kakumuopsa. Ndinamuuza kuti apite akamange khola mbuzi zisanathawe.

Masiku otsalawo ndinapitiriza kuthira makapu atatu m'mawa uliwonse, monga mwa nthawi zonse. Sellina ankati takhuta, ine n'kukokera kapu yakeyo kwa ine. Geresomo anafunsa tsiku lina kuti bwanji osangothira awiri. Ndinamuuza kuti mwana akasiya chakudya chifukwa cha Mulungu chimapita kwa wosowa, ndipo wosowayo amadziwika ndi mtsogoleri yekha.